Zigoli 900 zakwana, koma Ronaldo akuyenerabe kuyamba gemu iliyonse ya Portugal?

Wa_Chibavi

Akuluakulu ndi achemwali muli pano moni. Ya Flames ndi Burundi ija taikamba mpaka kukamwa kuuma, kugonja 3-2 pakhomo pathu pa Bingu zikuwawabe, nde ndati lero, pa 9 Seputembala 2024, tiyike kaye pambali tikambe ina. Lachinayi lomwelo pa 5 Seputembala ife tili mkati modandaula, usiku wake Cristiano Ronaldo anachinya chigoli cha nambala 900 chiyambireni mpira wake, Portugal itaswa Croatia 2-1 ku Lisbon mu Nations League. Amene munaonera munaona, Nuno Mendes anaponya mpira kuchokera kumanzere, mdala anangotulukira pakati pa madifenda nkuugunda usanagwe pansi, kenako anathamangira ku kona nkugwada manja ali kumaso. Zigolizo zili chonchi: Sporting 5, Man United 145, Real Madrid 450, Juventus 101, Al Nassr 68, Portugal 131. Dzulo Lamlungu pa 8 Seputembala 2024 anaonjezera china ndi Scotland, zinafika 901.

Pa zigoli ine ndilibe mawu, wotsutsa pamenepo ndi wanjiru basi. Funso langa lili pena. Mu 2024 muno munthuyu ali ndi zaka 39, mu Febuluwale 2025 akwanitsa 40, ndipo ndi kaputeni wa Portugal. Kodi panopa iyeyo ndi amene akunyamula timu, kapena timu yonse ikugwira ntchito yomunyamula iyeyo kuti akafike pa 1000?

Ndikufunsa chifukwa cha Euro 2024 ku Germany, miyezi iwiri yapitayi chabe. Magemu 5 anayamba onse, mashoti oposa 20, chigoli olo chimodzi. Magemu atatu omaliza Portugal sinachinye nkomwe, Georgia inawakwapula 2-0, Slovenia 0-0, France 0-0, ndipo tikunena timu yomwe ili ndi Bruno Fernandes, Bernardo Silva, Rafael Leão, Vitinha, anyamata oti timu iliyonse ku Ulaya ingawalandire ndi manja awiri. Gemu ya France kochi Roberto Martínez anatulutsa Bruno koma Ronaldo anamusiya mpaka maminitsi 120 atha, miyendo ikuoneka kuti yakana kalekale, ndipo Gonçalo Ramos amene anachinya zitatu pa World Cup ya 2022 ku Qatar anangokhala pa benchi kumaonera ngati ife tomwe, mpikisano wonse analowa kamodzi kokha gemu ya Georgia.

Nde dzulo ndinaona china chake. Ndi Scotland sanayambe, analowa hafu yachiwiri Portugal ikutsalira 1-0 ndi chigoli cha McTominay, Bruno anabweza, ndipo pa miniti 88 Ronaldo anachinya chopambanira. Anali wopepuka, amathamanga, anamenyanso chitsulo. Ine maganizo anga ndi amenewo, Ronaldo wa maminitsi 45 kapena 30 ndi woopsa kuposa Ronaldo wa 120. Koma kodi angavomere zimenezo pa gemu yaikulu? Ndipo kaputeni amene kochi akuopa kumutulutsa ndi wothandizabe? Ndimveko maganizo anu, makamaka inu okonda Ronaldo wa jezi nambala 7 amene mwadzadza pano.

Luwinga_CR7

Amwene a ku Chibavi ndakuwerengani mpaka pansi ndipo ulemu wanu ndikukupatsani, koma apa mwamulakwira munthu. Mwatenga magemu 5 a ku Germany nkuphimba nawo chaka chathunthu. Kuti Portugal ikafike ku Germany komweko inadutsa bwanji? Magemu 10 a makwalifaya inawina onse 10 ndipo Ronaldo anachinyamo 10. Sizoni ya 2023/24 ku Saudi anachinya 35 mu ligi, rekodi ya ligi imeneyo, ndipo musandiuze zoti ndi ligi yofooka chifukwa komweko kunali Mitrović, Mané, Mahrez, Benzema, onse ndi ana kwa iyeyo pa zaka koma palibe anamufika.

Nyimbo yoti watha sinayambe lero. Pochoka ku Madrid 2018 ali ndi zaka 33 anthu ankati akukapuma ku Italy, anakachinya 101 ndipo sizoni ya 2020/21 anali wochinya kwambiri mu Serie A ndi zigoli 29. Euro 2020 yomwe inaseweredwa 2021 anatenga nsapato ya golide ali ndi zaka 36. Atabwerera ku United anachinya 24 sizoni imodzi mu timu yomwe inali itabalalika kale. Nthawi zonse anthu amamukumbira manda iye nkudzuka. Galu wamkota sakandira pachabe amwene, munthu amene akukakamirabe pa zaka 39 akudziwa zomwe thupi lake likumuuza kuposa ife tili pa foni kuno.

Ndipo popeza funso lanu ndi la ukaputeni tiyeni tikambe ukaputeniwo. Gemu ya Slovenia ndinaonera mu vidiyo sho kwathu kuno ku Luwinga, Julaye kuzizira kwa Mzuzu mukukudziwa, tonse tili mmajekete tathinana pa mabenchi cha mma 11 usiku. Golokipa wa Slovenia Oblak atagwira penate ya Ronaldo ija holo yonse inaphulika, masapota a Messi kukwera pa benchi, wina mpaka anagwetsa botolo la mwini wake wa sho. Kamera inamuonetsa akulira anzake atamuzungulira. Mnyamata wina amene anakhala pafupi nane anati uyu sabweranso pa penate lero. Patangopita maminitsi 15 kapena 20, mapenate atafika, ndani anayamba kunyamula mpira ku mbali ya Portugal? Yemweyo, kwa golokipa yemweyo amene wangomugwira, anauika pakona pansi nkutembenukira kwa masapota manja atawaphatikiza kupepesa. Mu holo munangoti zii. Ine ndikati kaputeni ndimanena zimenezo, munthu woti wagwa pamaso pa dziko lonse koma akuti ndipatseni ndiyambe ndine kuti ana asaope. Ndi France ananyamulanso yoyamba nkuchinya, amene anamenya chitsulo ndi João Félix, mnyamata wa miyendo yatsopanoyo.

Mukuti ndi wodzikonda, nanga gemu ya Turkey? Anatsala yekha ndi golokipa, akanachinya akanakhala munthu woyamba kuchinya mu ma Euro 6, koma anapasira Bruno pambali kuti angokankhira mu golo. Komanso fainolo ya Euro 2016 ku Paris, Payet atamuvulaza bondo anatuluka pa machira isanakwane theka la ola, koma anabwerera bondo litamangidwa nkumakuwa pa laini limodzi ndi kochi Fernando Santos mpaka Eder anachinya pa miniti 109. Chikho choyamba chachikulu cha Portugal ndi chimenecho, Eusébio sanachione, Figo sanachione. 2019 Nations League anachinya zitatu ndi Switzerland mu semi, chikho china. Munthu wotero mukufuna adzikhala pa benchi kudikira miniti 60?

NyaKatoto

A Luwinga mwalemba zokoma koma mwadumpha dala pena. Amene anapulumutsa Portugal usiku wa Slovenia ndi Diogo Costa, anagwira mapenate atatu motsatizana komanso anatchinga ndi mwendo mpira wa Šeško Pepe atataya, popanda mwana ameneyo bwezi misozi ija ili yomaliza. Ndipo ine kulira sindikudana nako, ndi munthu, koma kulira gemu isanathe kwatsala maminitsi 15, anzako mmalo momva malangizo a kochi akutonthoza kaputeni, zimenezo sizinandisangalatse ngakhale pang'ono.

Mafirikiki bwanji simunatchule? World Cup ndi Euro zonse zomwe wasewera yolowa ndi imodzi yokha, ija ya Spain 2018, koma mpira ukangoima ndi wake, olo pakona penipeni poti aliyense angaponye kirosi iye akuwombera ku golo, Bruno ali poteropo manja mchiuno. Ku Qatar atamuika pa benchi Portugal inathibula Switzerland 6-1, Ramos zitatu. Komanso 2021 ku Serbia anavula lamba wa ukaputeni nkumuponya pansi gemu isanathe. Inde chigoli chinalowa ndipo anamubera, koma lamba wa dziko suponya pansi. Ku United anakana kulowa ndi Tottenham nkutuluka mu sitediyamu gemu ili mkati. Nde funso la a Chibavi loti angavomere benchi yankho tinaliona kale.

Ankolo_Kochi_Mchengautuwa

Ana anga nonse mukunena zoona zanu koma mukulankhula zinthu ziwiri zosiyana, wina akukamba za wochinya wina akukamba za kaputeni. Ine ndimaphunzitsa tianyamata ta mdera lathu pa galaundi ya fumbi kuno, si mpira waukulu ayi koma mavuto ake ndi omwewo, nde ndiloleni ndiyikepo za mkati mwa galaundi.

Mpira wa masiku ano kutchinga kumayambira kutsogolo. Golokipa wa adani akagwira mpira sakumenyanso kutali ngati kale, akupatsa difenda pafupi kuti ayambire pansi. Nde sitiraika wako ntchito yake yoyamba ndi kuthamangira difenda uja mokhota, kutseka njira yopita kwa mnzake, kuti mpira upite mbali imodzi komwe anzako akudikira kuti alande. Akachita zimenezo timu yonse imasuntha limodzi kupita kutsogolo. Akapanda kuchita, madifenda awiri a adani amakhala ndi mpira mwaufulu, mmodzi amayenda nawo mpaka pakati, ndipo wapakati wako amakakamizika kusiya munthu wake kuti akamutchinge, kumbuyo kwake kwatseguka. Kuthamanga kumeneko si kamodzi, ndi kambirimbiri pa gemu, ndipo kwambiri mwa iko sugwira nkomwe mpira, palibe amakuombera mmanja. Munthu wa zaka 39 sangachite zimenezo maminitsi 90 kenako nkukhalabe ndi mphamvu yodumpha mu bokosi, sizingatheke olo adye bwino chotani olo agone maola angati. Ronaldo amasunga mphamvu zake kuti akagwiritse mu bokosi ndipo kwa iyeyo akuchita bwino, koma ngongole ya kuthamangako amalipira ndi Bernardo ndi Bruno, nde pofika nthawi yoti apange zinthu kutsogolo iwonso atopa.

Ndi Liechtenstein kapena Luxembourg vuto limeneli silioneka chifukwa mpira uli ndi inu gemu yonse, adani atsekeredwa mu bokosi mwawo, chomwe mukufuna ndi munthu wodziwa poima ndipo pamenepo palibe womuposa pa dziko lapansi. A Luwinga zigoli 10 za makwalifaya zija kaonenso kuti anachinya ndani, gulu lawo munali Slovakia, Luxembourg, Iceland, Bosnia ndi Liechtenstein. Sindikunyoza, chigoli ndi chigoli, koma France ili ndi Saliba ndi Upamecano si yomweyo.

Chachiwiri chomwe ndimaona ndi mmene ana amasinthira akakhala ndi munthu wamkulu kwambiri mu timu. Nuno Mendes wabadwa 2002, João Neves 2004, pomwe Ronaldo anayamba kusewerera Portugal mu Ogasiti 2003. Ana amenewa akula chithunzi chake chili pakhoma. Mwana wotero akafika pa mzere wa bokosi ali ndi njira ziwiri, kuwombera yekha kapena kufunafuna nambala 7, mutu wake umasankha nambala 7 olo ali pakati pa anthu atatu, chifukwa akawombera nkuphonya aona manja akukwezedwa mmwamba. Ndinakhalapo ndi mnyamata wamkulu mu timu yanga wodziwa mpira kuposa onse, sankakalipira aliyense, koma tiana tonse tikagwira mpira maso kwa iye, tsiku lomwe anadwala ndi pomwe ndinadziwa kuti ndili ndi ena awiri odziwa kuwombera. Ku Germany makirosi ambirimbiri aja amachokera pamenepo.

Koma mbali inayo ndisaibise. Zomwe anachita ndi Croatia ndi Scotland si mwayi. Onerani bwino chigoli cha dzulo, mpira usanachoke ku phazi la Mendes iye wayamba kale kuyenda, difenda akuyang'ana mpira iye ali kale pamalo. Zimenezo sungaphunzitse munthu pa sabata, ndi zaka 20 za kubwereza. Ndipo pa miniti 80 madifenda atatopa, mutu sukuganizanso msanga, kumuona nambala 7 akuvula jekete pa laini ndi chinthu choopsa. Zili ngati wa kabaza wachikulire wodziwa tauni, sapikisana ndi anyamata kukwera zitunda tsiku lonse, amasankha maulendo ake ndipo madzulo ndalama yake imakwana bwinobwino.

Za lamba, kumbukiraninso kuti ku Euro 2024 anakhazikitsa lamulo loti kaputeni yekha ndi amene adzilankhula ndi refa pa nkhani zikuluzikulu, wina akathamangirako ndi yelo khadi. Nde ukaputeni pano uli ndi ntchito yeniyeni mkati mwa gemu, si kungoponya kobiri poyamba. Ine ndimakonda kaputeni wa kumbuyo kapena pakati amene akuona galaundi yonse ndipo ali pafupi ndi pomwe zinthu zikuchitikira, ngati Rúben Dias kapena Bruno amene ndi kaputeni kale ku United. Ronaldo akhoza kukhalabe mkulu wa gulu ku kampu, ku hotela, mu chipinda chovalira, palibe angamulande zimenezo.

Luwinga_CR7

Ankolo ndamva ndipo za kuthamangira madifenda sindikukana, koma ndifunseko. Messi ku Qatar amathamangira ndani? Amayenda wapansi gemu yonse dziko lonse likuona, De Paul ndi Mac Allister ndi Álvarez akumuthamangira, ndipo anatenga World Cup ali ndi zaka 35, palibe ananena kuti akhale pa benchi. Kochi wa Argentina Scaloni anamanga timu momuzungulira. Nde ngati Portugal ikulephera kuchita chimodzimodzi ndi osewera onse aja vuto ndi la Martínez, munthu amene anakhala ndi De Bruyne, Hazard ndi Lukaku ku Belgium zaka 6 osatenga kanthu.

Achemwali a ku Katoto, 6-1 ya Switzerland mumaikonda kwambiri koma gemu yotsatira bwanji simuitchula? Ndi Morocco anayambanso Ramos yemweyo Ronaldo ali pa benchi, En-Nesyri anadumpha nkuchinya hafu yoyamba, Ramos osaoneka, Portugal kunyumba. Chichokereni tsiku la Switzerland Ramos wachita chiyani chachikulu? Ku PSG malo ake sanakhazikike ndipo anavulala kakolo gemu yoyamba ya sizoni ya 2024/25. Mukuchotsa munthu amene pofika Seputembala 2024 wachinya zigoli 132 za dziko kuti muyikepo ndani, tandiuzani dzina. Ali Daei wa ku Iran anakhala ndi rekodi ya 109 zaka zambirimbiri anthu nkumati siidzathyoka, uyu anaidutsa 2021 ndi mitu iwiri kumapeto kwa gemu ya Ireland ndipo akupitabe. Modrić wabadwa 1985 yemweyo, lero lomwe pa 9 Seputembala 2024 wakwanitsa 39, ku Croatia ndi kaputenibe ndipo amamulemekeza. Koma Ronaldo yekha ndiye apume?

Mdala_wa_Chiputula

Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, ndati ndiyankhepo poti ena a inu 1990 munali musanabadwe. Nthawi imeneyo kuno kunalibe TV, TVM inabwera 1999, mpira wa kunja timamvera pa wailesi kapena kudikira nyuzi. Cameroon inapita ku World Cup ku Italy ndi Roger Milla wa zaka 38, munthu amene anali atapita kale kukasewera ku chilumba cha Réunion anthu atamuiwala. Anachinya zigoli 4, ziwiri ndi Romania ziwiri ndi Colombia, china anachita kumulanda golokipa Higuita mpira kumapazi kutali ndi golo, ndipo zonsezo anachinya atachokera pa benchi. Sanayambe gemu olo imodzi. Kaputeni anali Stephen Tataw. Cameroon inakhala timu yoyamba ya mu Africa kufika ma kota fainolo, England inachita kuvutika 3-2 mu nthawi yoonjezera. 1994 anabweranso ali ndi zaka 42 nkuchinya Russia. Lero mukafunsa mwana aliyense za Cameroon ya 1990 akutchulirani Milla, palibe amati koma ujatu anali wa pa benchi. Nde a Luwinga benchi simachotsa ulemu wa munthu, mwana wanga.

Za Messi mwafunsa bwino koma pali kusiyana. Messi akamayenda amabwera pakati kudzatenga mpira, amapanga mapasi, ku Qatar anachinya 7 nkupangira anzake zitatu, ndipo anachinya mu ndime iliyonse kuyambira ya 16 mpaka fainolo. Anzake akamuthamangira akudziwa kuti abweza ndi pasi. Ronaldo wa lero ntchito yake ndi imodzi, kumalizitsa, tsiku lomwe sanachinye ndi zochepa zomwe wapereka. Ndipo pofika 2024 zigoli zake 8 za World Cup zonse zinali za mmagulu, mu ndime yochotsana analibe olo chimodzi pa ma World Cup 5. Sindikunena monyoza, mwamuna woyamba kuchinya mu ma World Cup 5 ndi yemweyo, koma nambala imeneyinso ndi yake.

Kwathu konkuno tinaona kaputeni. Januwale 2010 ku Luanda, Flames ya Kinnah Phiri inakwapula Algeria 3-0, Algeria yoti chaka chomwecho imapita ku World Cup. Anachinya Russel Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda. Kaputeni Peter Mponda sanachinye, koma amene tinaonera tikudziwa kuti timu imayendera mawu ake kumbuyo kuja, kuika anthu pamalo, kukuwa, kutonthoza mtima ana akayamba kuthamanga magazi. Tsiku limenelo mu tauni muno munalibe poponda, malipenga a magalimoto kuchokera ku depoti mpaka ku Katoto. Nchifukwa chake ine ndikamva kuti kaputeni sindiyamba kuwerenga zigoli.

Koma pomaliza ndigwirizane ndi a Luwinga pa chimodzi, mlandu waukulu si wa Ronaldo. Palibe wosewera amadzitulutsa yekha, ndipo mtima wokana kugonja umene unamufikitsa pa 900 ndi womwewo umene ukumukaniza kukhala pansi, simungamuuze kuti ausiye lero. Ntchito youza munthu wamkulu kuti lero mupume ndi ya kochi. Santos anayesa, munthu amene anatenga naye chikho 2016, ndipo patangopita masiku ochepa Morocco itawatulutsa ntchito inatha. Amene wabwera pambuyo pake anaona zimenezo. Kuonjezera apo pali ndalama, nambala 7 imadzadzitsa sitediyamu kulikonse komwe Portugal yapita, pitani mu msika wa Taifa muone majezi omwe apachikidwa, ana oti Portugal sakudziwa komwe ili avala dzina lake kumsana. Akuluakulu a mpira kumeneko nawonso amawerenga zimenezo, nde kochi womukhazika pansi akulimbana ndi zambiri.

Wa_Chibavi

Yewo adada a ku Chiputula, ya Milla ndi yomwe ndimafuna kumva. Amwene a ku Luwinga ine sindinanene kuti apume ayi, werenganinso, ndikufuna akhalepo ndipo 1000 yo ndikufuna ndidzaione ndi maso anga. Chomwe ndikukana ndi choti dzina lake lidzilembedwa pa pepala kochi asanaone nkomwe kuti akusewera ndi ndani. World Cup ya 2026 ku America, Canada ndi Mexico adzakhala ndi zaka 41, matimu adzakhala 48 ndipo kuti utenge chikho udzafunika magemu 8 osati 7 ngati kale, mu Juni ndi Julaye kotentha, maulendo a ndege ataliatali pakati pa magemu. Pepe anasewera Euro ali ndi 41 ndipo anasewera bwino kwambiri, koma mu Ogasiti 2024 anaona yekha kuti basi zakwana nkusiya mpira. Ngati Martínez sayamba panopa kuzoloweretsa timu kusewera popanda Ronaldo kuyambira miniti yoyamba, pa magemu a Nations League omwe olo utagonja dziko silikugwa, adzayamba liti? Tsiku la kota fainolo? Dzulo zinatheka chifukwa ndi Scotland ndipo panali patangodutsa masiku atatu chisewerereni Croatia, aliyense anamva kuti akumupumitsa. Ndikufuna ndidzaone tsiku lomwe ali bwinobwino, gemu ndi ya Spain kapena France, kochi nkumuuza kuti lero mulowa pa 60 iye nkuvomera, nkukhala pa laini kumalimbikitsa ana ngati mmene anachitira ku Paris bondo litamangidwa.

NyaKatoto

A Luwinga mwati ndikuuzeni dzina, ndipo poti Ramos wavulala ndikuvomera kuti nambala 9 wina woti ndingalumbirire palibe. Koma Spain yatenga Euro yomweyi Morata atachinya chimodzi chokha mpikisano wonse, ndipo kaputeni wawoyo amatulutsidwa pafupifupi gemu iliyonse popanda nkhope kugwa, fainolo anatuluka iye nkulowa Oyarzabal amene anachinya chopambanira ndi England. Zigoli zinachokera kwa Olmo, Fabián Ruiz, Nico Williams, Yamal, Merino, aliyense. Portugal ili ndi anthu oti angagawane zigoli chonchi, Leão kumanzere, Pedro Neto kapena Conceição kumanja, Bruno ndi Bernardo kumalowa mu bokosi mosinthana. Pa 12 Okutobala 2024 ali ndi Poland ku Warsaw, ine ndikanakhala Martínez ndikanayamba choncho, lamba ndikanapatsa Bruno, Ronaldo nkudzalowa hafu yachiwiri ngati dzulo. Ankolo a ku Mchengautuwa tandiuzeni, kaputeni weniweni akalowa mochedwa choncho lamulo limakakamiza kuti amubwezere lamba kapena ndi ulemu chabe wa osewera?

Ankolo_Kochi_Mchengautuwa

Silikakamiza mwana wanga, chofunika nchoti mu galaundi mukhale kaputeni mmodzi wovala lamba kuti refa adziwe wolankhula naye. Kuvula nkupatsa wamkulu akamalowa ndi mwambo wa timu, ena amachita ena sachita. Kwa Portugal ndikudziwa kuti Bruno angathamange yekha kukamuveka asanaponde nkomwe mzere, ndipo ine pamenepo ndilibe vuto, bola maminitsi 60 oyamba akhale atathamanga anthu 10 onse.